Ndidapha masokosi a agogo ndi madzi otentha

Mwezi wa June kwathu ku Namitete si wamasewera. Dzuwa likangopendekera cha ku Mchinji, mphepo ya mwera imayamba kulowa m'mafupa, ndipo pofika m'bandakucha ngakhale agalu amasiya kuuwa n'kukadzipinda paphulusa kukhitchini. Mudali m'nyengo yotereyi chaka chatha pomwe ndidakwera minibasi mumzinda wa Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 50 mumsewu wa M12, kukazonda agogo anga aamuna omwe adandilera. M'chikwama ndidanyamula sopo, mchere ndi mafuta ophikira. Mumtima namo mudali khumbo loti anthu akaone kuti mdzukulu wa m'tauni sadaiwale ntchito zapakhomo.

Agogowo adapitirira zaka 70 ndipo akhala akudwala matenda a shuga kwa nthawi yaitali. Chomwe chimawasautsa kwambiri kukazizira ndi mapazi. Amati amamva ngati awaviika mumtsuko usiku wonse. N'chifukwa chake msuweni wanga yemwe amagwira ntchito ku Cape Town adawatumizira mapeyala awiri a masokosi okhuthala, otuwa, ofewa ngati kamwana ka mphaka. Agogo ankawasamala ngati suti ya ukwati: peyala imodzi kumapazi, inayo pakhonde ikupitidwa mphepo, mawa lake n'kusinthanitsa.

Ine nditawaona ndidati awa sadalawepo sopo weniweni. Loweruka m'mawa, agogo akuwothera dzuwa kuseri kwa nkhokwe, ndidatola mapeyala onse awiri. Ndidatereka madzi pamafuwa mpaka kubwata, kuwakhuthulira m'beseni, kuthira sopo waufa dzanja lodzaza, n'kuwonjezera kachitsekero ka jiki. Atakhala m'menemo ola lathunthu ndidapita nawo pamwala wa kumjigo. Kufikisa, kukwecha, kupuntha, kutsukuluza ndi madzi ozizira, kufinya mopotokola mpaka manja kuwawa, kenaka pachingwe dzuwa lili paliwombo. Umu ndi momwe ndinkachapira masokosi oyera a yunifolomu zaka zonse za ku sekondale, ndipo palibe tsiku lomwe adandichititsapo manyazi.

Madzulo ndidakaanula zinthu zomwe sindidazizindikire. Masokosi omwe ankafika m'katumba mwa munthu wamkulu adatsala oti n'kuveka mwana wa Sitandade 2. Adalimba gwa ngati chikopa cha ng'oma, mtundu utayamba kupita kuchikasu, ndipo ukawakoka sankatamuka ngakhale pang'ono. Agogo adawatembenuza uku ndi uku, kenaka n'kundiyang'ana.

"Akazi anga," adatero, poti ndi mmene amandiitanira pocheza chiyambire ndili kamwana, "kodi mwachapa kapena mwaphika?"

Tonse tidafa nacho chiseko. Nkhani ikadathera pomwepo, bwenzi lero ndikulemba za ndale ngati anzanga.

Koma usiku umenewo kudazizira, ndipo agogo, posafuna kundikhumudwitsa, adakakamiza kumapazi peyala yomwe idali yokulirapo n'kugona nayo. Adachita chimodzimodzi usiku wotsatira. Lolemba azakhali akuwathandiza kusamba adapeza thuza lophulika pachala chaching'ono, komanso mzere wakuda pamwamba pa kakolo pomwe sokosi inkamanga ngati chingwe. Eni akewo sadamve kalikonse. Shuga amatero: akakhalitsa m'thupi amaononga mitsempha ya kumapazi mpaka munthu amachita dzanzi, osamva kuti china chikumudya, ndipo magazi sayenda bwino moti kabala kakang'ono kamachedwa kupola. Mabala otere ndi omwe amadulitsa anthu zala, mwinanso mwendo. Kafukufuku wa STEPS yemwe unduna wa zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti anthu 5.6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno adali ndi shuga. Choncho mapazi ngati a agogo alipo ambiri m'midzimu, kuyambira ku Mpingu mpaka ku Kabudula.

Balalo lidatenga masabata asanu likutsukidwa kuchipatala lisanatseke. Masabata onsewo ine ndinkagona foni ili m'manja ku Lilongwe, kudikira azakhali kuti anene mmene kwachera. Ndi m'masiku amenewo momwe ndidadzifunsa funso lomwe zaka zinayi za digiri sizidandifunsepo: kodi sokosi imapangidwa ndi chiyani?

Msuweni uja adayankha pa WhatsApp, atayamba waseka mokwanira, kuti pakapepala komwe adamangira masokosiwo padalembedwa kuti ndi a ubweya wa nkhosa za mtundu wa merino. Ndiye kuti ine ndidaphika tsitsi.

Ndisanadzitukwane kwambiri, ndinene kuti umbuli umenewu uli ndi pochokera. Nkhosa zomwe timaziona zikudya m'madambo kuno, zamichira yonona zija, zili ndi ubweya waufupi ngati wa mbuzi. Sitizimeta, timangozidya. Ngakhale za mtundu wa Dorper zomwe alimi ena amaweta n'zanyama, ubweya wake umayoyoka wokha. Chikhalidwe chometa nkhosa, kupota ulusi wake ndi kuluka tilibe, ndiye luso losamala zovala zaubweya amayi athu akadalitenga kuti? Chomwe ife timadziwa ndi thonje. Limalimidwa ku Chikwawa, Nsanje, Balaka, Salima ndi Karonga, ndipo a Mang'anja a m'chigwa cha Shire ankaomba nsalu zake kale, David Livingstone asanafike kumeneko mu 1859. Kachapidwe kathu konse, mwala, madzi otentha, sopo wamphamvu ndi dzuwa, kadakulira pa thonje.

Merino ndi nkhosa za ku Spain. Zidafika ku Cape mu 1789, ndipo zina mwa nkhosa zimenezi ndi zomwe zidatengedwa kupita ku Australia mu 1797, dziko lomwe lero limatsogola pa ubweya wofewa wa mtunduwu. South Africa ndi Lesotho akumetabe nkhosa zambiri mpaka lero. Komweko amawetanso mbuzi za Angora zomwe ubweya wake umatchedwa mohair; pafupifupi theka la mohair wa dziko lonse lapansi limachokera ku South Africa, makamaka dera louma la Karoo, ndipo msika wake waukulu uli mumzinda wa Gqeberha womwe kale unkatchedwa Port Elizabeth. Ndanena izi chifukwa abale athu ali mbwee ku Joni, ndipo katundu yemwe amatumiza pamabasi nyengo yozizira ikayandikira amakhala ndi zinthu zotere. Zina zimabwera m'mabelo a kaunjika kuchokera kumaiko ozizira. Ubweya uli m'nyumba zathu, kungoti sitiuzindikira.

Nanga chidachitika n'chiyani m'beseni langa? Kachingwe kalikonse ka ubweya n'kopangidwa ndi keratin, chinthu chomwecho chomwe chimapanga tsitsi ndi zikhadabo zathu. Mukakaonera pamakina okulitsa zinthu, kamakhala ndi timamba tosanjikizana ngati ta chambo, tonse toloza mbali imodzi. Pamadzi otentha ndi sopo wamphamvu, kachingweko kamatupa ndipo timambato timatukuka. Mukayamba kufikisa, zingwezo zimatsetserekerana mbali imodzi yokha, kubwerera osatheka chifukwa timamba takolana ngati minga ya chisoso pa chitenje. Kufikisa kulikonse kumazikokera pamodzi, mpaka nsalu yonse imasanduka chigamba chimodzi cholimba. Kuchoka m'madzi obwata kupita m'madzi ozizira a mjigo kumangowonjezera moto. Ndipo zikatero zatero. Pa intaneti mupeza anthu akulangiza zoviika m'mafuta ofewetsera tsitsi n'kumakoka pang'onopang'ono. Ndidayesa. Zimathandiza chovala chomwe changobwerera pang'ono, osati chomwe chaphikidwa ngati changa.

Jiki ndiye mdani weniweni. Mankhwala a chlorine omwe ali m'menemo amadya keratin. Mukasiya kaulusi kaubweya weniweni m'jiki wosasungunula, pakapita maola angapo mumapeza kasungunuka. Sopo waufa wambiri naye amakhala ndi ma enzyme omwe ntchito yake n'kugaya madontho a magazi, mazira ndi msuzi wa nyama, ndipo sasiyanitsa pakati pa dontho la dzira ndi ubweya womwe dontholo lagwerapo. Soda, ngakhale madzi a phulusa aja timachezera chidulo, nawonso amauma ubweya n'kuuphwanya. Mwachidule, chilichonse chomwe simungayerekeze kutsukira tsitsi la mwana wanu musachiyandikitse kumasokosi aubweya.

Chondipweteka n'choti mphunzitsi ndidali naye pakhomo pomwepo. Agogo adagwirako ntchito kumigodi ya ku South Africa kudzera ku TEBA, ulendo womwe udatsekedwa kwa Amalawi mu 1988, ndipo masokosi aubweya adawadziwira kumeneko. Bala litapola, msuweni atatumizanso peyala imodzi, ndidapita kukawagwadira.

"Agogo, ndiphunzitseni. Inu munkachapa bwanji?"

"Bweretsani beseni, koma moto musakoleze," adatero.

Madzi ake ndi a mjigo omwe akhalako pang'ono padzuwa, osafika pofunda ngati osambitsira khanda. Pazovala zomwe zili ndi malangizo mumaona kabeseni kolembedwa 30, kutanthauza madigiri 30, kapena kabeseni koviikamo dzanja. Ndi madzi amenewa. Sopo ndi wochepa zedi, ndipo akhale wofatsa: kadontho ka shampu, kapena sopo wosambitsira mwana wosungunulidwa kaye m'madzimo mpaka thovu lochepa. Simupaka sopo pasokosi penipeni. Mumaitembenuza kunja kukhale mkati, poti thukuta ndi mfundu za khungu zimakhala mkatimo, n'kuiviika mphindi 10 kapena 15. Kenaka mumaifinya pang'onopang'ono m'madzi momwemo, kutsegula dzanja, kufinyanso, monga momwe amayi amakamira bwemba. Pachidendene pakakhala pothimbirira mumasisita ndi chala chimodzi basi. Kutsukuluza ndi madzi ofanana ndi oyamba aja, kawiri kapena katatu, ndipo ngati madzi a mjigo wanu ndi aja ovuta kuchita thovu, kasupuni ka viniga m'madzi omaliza kamachotsa zotsalira za sopo. Madzi amvula, kwa amene adatunga, ndiwo abwino koposa.

Pofinya agogo adandimenya kadzanja. Ubweya ukanyowa umafooka, ndiye ukaupotokola kapena kuupachika pachingwe ndi mapegi, kulemera kwa madzi kumaukoka mpaka sokosi imatalika ngati ya mpira. Iwo adayala thaulo, kuika masokosi pamwamba, kukulunga ngati mkeka, n'kundiuza kuti ndipondepo. Madzi ambiri adatsalira m'thaulo. Kenaka adawawongola ndi manja kuti abwerere mmene adalili, n'kuwagoneka chogona pa lichero pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa laukali limauma ubweya n'kuusintha mtundu, ndipo kuuyanika pafupi ndi mbaula n'kuuphikanso kachiwiri.

Apa ndidawatsutsa pang'ono, ndipo ndikuganizabe kuti ndidali ndi mfundo. Aliyense wokulira kuno amadziwa za ntchentche ija imaikira mazira pazovala zonyowa zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, mazirawo n'kuswa timphutsi tolowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa. Makolo amatiuza kuti tiziyanika padzuwa ndi kusita chilichonse pachifukwa chimenechi. Malangizo a azungu oti ubweya uziyanikidwa chogona pamthunzi adalembedwa kumaiko komwe kulibe ntchentche imeneyi. Kwa munthu wa dzanzi kumapazi, mphutsi ingakhwime osaimva. Tidagwirizana zoti lichero lizikhala m'nyumba pafupi ndi zenera, kapena pathandala koma litavindikiridwa ndi kansalu kopyapyala, osati paudzu kapena pamchenga, makamaka m'dzinja pomwe ntchentchezi zimachuluka. Ngati mwakayika, sitani ndi simbi yofunda chabe mutayala kansalu konyowa pamwamba, kudinda n'kunyamula, osakhwekhwereza.

Chomwe chidandidabwitsa n'choti ubweya sufuna kuchapidwa pafupipafupi. Umatha kumwa chinyezi chofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake koma osamveka kunyowa, ndipo suchedwa kutaya fungo ukapitidwa mphepo. Zija ndinkaziona ngati uve, zoyanika peyala imodzi pakhonde, zidali nzeru. Munthu wabwinobwino yemwe amavala masokosi otere pogona akhoza kuwavala kangapo asanawachape. Koma kwa wodwala shuga achipatala amalangiza masokosi oyera bwino ndi ouma tsiku lililonse, osathina, opanda msoko wokhuthala kuzala, ndipo ngati n'kotheka amtundu wowala kuti magazi kapena mafinya azioneka msanga. Poti ubweya umachedwa kuuma m'nyengo yozizira, peyala imodzi siyikwana. Tidasonkherana pabanja mpaka agogo ali ndi atatu.

Nyengo yozizira ikatha pamabwera mdani wina. Njenjete zimadya ubweya, ndipo zimakonda kwambiri womwe wasungidwa ndi thukuta. Kufika September, chapani komaliza, umitsani bwinobwino, n'kutsekera m'chitini kapena m'jumbo yomanga pakamwa. Timibulu toyera tonunkha tija tothamangitsira njenjete timagwira ntchito, koma pakhomo pa ana aang'ono ine sindingatilimbikitse. Timaoneka ngati maswiti ndipo ndi poizoni.

Tibwere ku thonje, lomwe ndi la ambirife. Ili ndi mbewu, ulusi wake ndi cellulose ngati pepala, ulibe mamba, ndipo ukanyowa umalimba kuposa uli wouma. N'chifukwa chake umapirira mwala, madzi otentha ndi sopo waufa. Masokosi oyera a ana asukulu, aja amabwera ofiira ndi dothi la katondo, aviikeni usiku m'madzi a sopo musanagone, m'mawa dothi limachoka osalimbana nalo. Dzuwa ndi bwenzi lawo, limayeretsa komanso kupha tizilombo. Akuda ndi abuluu ayanikeni otembenuza kuti asasuluke.

Komatu sokosi ya thonje lokhalokha njosowa. Pafupifupi zonse amasakaniza ndi nayiloni pang'ono kuti chidendene chisabooke msanga, ndi timalasitiki kuti igwire mwendo. Chomwe chimayamba kufa ndi lasitikiyo, ndipo chimaipha ndi jiki, madzi obwata ndi simbi yamoto. Mukaona sokosi ya mwana ikugwera m'nsapato mpaka iye kumaimanga ndi mphira wa ndalama, nthawi zambiri si kukalamba ayi, ndi jiki wa Loweruka lililonse. Mphirawo nawo umadula magazi m'mwendo. Ine masiku ano jiki ndimamusungira tsiku lomwe zavutitsitsa, ndipo ndimathira kadontho m'madzi ambiri kwa mphindi zochepa.

Vuto la thonje ndi loti likamwa thukuta limalisunga pakhungu pomwepo. Funsani akabaza omwe amapalasa njinga kuchoka pamsika wa Namitete kukatula anthu ku chipatala cha St Gabriel's, chija adachiyambitsa masisitere a ku Luxembourg mu 1959, kapena alonda ogonera m'majombo, kapena alimi a fodya omwe amakhala m'magambutsi tsiku lonse kunazale. Phazi lonyowa ndilo limachita matuza, ndipo ndi munda wa linyetsu, matenda aja oyabwa ndi kusupula khungu pakati pa zala. Tizilombo take timatsalira m'masokosi, ndipo madzi ofunda chabe satipha. Pamafunika otentha kufika madigiri 60. Apa ndiye thonje limapambana, chifukwa limapirira kutentha kumeneko pomwe ubweya sungayerekeze. Maganizo anga ndi oti ngati muli ndi linyetsu, ubweya uyambe wapuma. Valani thonje, sinthani tsiku lililonse, chapani ndi madzi otentha padera osasakaniza ndi zovala zamkati, yanikani padzuwa mpaka kuuma kuti gwa, kufikira mutachira. Lasitiki ifa msanga, inde, koma bola sokosi kusiyana ndi phazi.

Funso lomwe latsala ndi lomwe lidandigwetsa ine: udziwa bwanji chomwe wagula? Malaya amakhala ndi kansalu ka malangizo pakhosi kapena m'mbali. Masokosi ayi. Zonse zimalembedwa pakapepala komangira, ndipo pofika pamulu wa kaunjika ku Msundwe, ku Nsaru kapena kumsika wa Tsoka ku Lilongwe, kapepalako kadatayidwa kalekale kutsidya kwa nyanja. Mwamwayi mungapeze chizindikiro cha Woolmark, kamulu ka ulusi kopindidwa patatu komwe kadayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1964, koma pamasokosi ogwiritsidwa kale ntchito n'chosowa. Wogulitsa naye akuuzani chilichonse chomwe mukufuna kumva. Mayi wina yemwe ndidamufunsa ngati masokosi ake adali aubweya adandiyankha kuti, "Asisi, onsewa ndi otentha, tengani awiri ndikuchotserani."

Njira yomwe sinama ndi ya machesi. Mukafika kunyumba, tembenuzani sokosi, dulani kaulusi kamodzi kolendewera mkati, kagwireni ndi chopanira pamwamba pa mbale yadothi kapena yachitsulo, n'kukayatsa. Ubweya umapsa monyinyirika, umazima wokha mukachotsa moto, umanunkha ndendende ngati mutu wa mbuzi ukuwaulidwa, ndipo umasiya kakhala kakuda komwe mukakafinya kamasanduka fumbi. Thonje limayaka msangamsanga ngati pepala, fungo lakenso la pepala, limapitiriza kunyeka lawi litazima, ndipo phulusa lake ndi lotuwa, lofewa. Zopangidwa kufakitale monga nayiloni, poliyesita ndi acrylic zimakwinyika, kusungunuka ngati jumbo, n'kusiya kamkanda kolimba kosaphwanyika. Kukakhala kosakaniza mumva fungo la mbuzi koma n'kupezanso kamkanda. Pamenepo chapani ngati ubweya. Ana asachite okha zimenezi, chonde.

Mayeso amenewa adandiululira chinanso. Ulusi uja timautcha wulu, womwe amayi amalukira tizipewa ndi timasokosi ta makanda, nthawi zambiri si wa nkhosa ayi, ndi acrylic. N'chifukwa chake umapirira kuchapa kwathu, ndipo n'chifukwa chakenso ambirife timaganiza kuti ubweya tidauzolowera. Umafunditsa ndithu, koma sumwa thukuta, ndipo pafupi ndi moto umasungunukira pakhungu, pomwe ubweya weniweni suyaka msanga. Poganizira mmene timakhalira mozungulira moto mu June, makanda ali pamiyendo, ndi nkhani yofunika kuidziwa.

Palinso masokosi omwe akutchuka m'mashopu a m'tauni olembedwa kuti ndi a bamboo, kapena kuti nsungwi. Musaganize za nsungwi zolukira nkhokwe. Amatenga nsungwizo n'kuzisungunula ndi mankhwala amphamvu, phalalo n'kulikoka kukhala ulusi wotchedwa viscose kapena rayon. Ku America, bungwe la Federal Trade Commission lidatengera makampani ena kumlandu mu 2009 kaamba kogulitsa rayon ponena kuti ndi nsungwi zachilengedwe. Ndi ofewa bwino pakhungu, koma ulusi wake umafooka kwambiri ukanyowa ndipo umachedwa kuuma, choncho mwala ndi kupotokola ayi. A silika, ngati mungawapeze, achapeni ngati ubweya, poti nawo ndi ochokera ku chamoyo. Mohair sakolana msanga ngati ubweya wa nkhosa chifukwa timamba take n'tosalala, komabe madzi otentha ndi jiki sagwirizana naye.

Wina anena kuti nkhani yonseyi pa kanthu kotchipa ngati sokosi? Kadali kotchipa kale. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya mabelo yakhala ikukwera, mpaka mu February 2025 mavenda a kaunjika ku Lilongwe adayenda ulendo wokadandaula ku Nyumba ya Malamulo. Kholo la ana anayi asukulu limadziwa kuti masokosi alowa m'gulu la zinthu zoyamba wawerengera usanagule. Chomvetsa chisoni n'choti thonje timalima tokha, koma lochuluka limatuluka m'dziko lisanapotedwe n'komwe. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons ku Blantyre, yomwe boma lidagulitsa kwa a Mapeto mu 2003, imadziwika ndi zitenje ndi nsalu zina. Masokosi omwe ali m'misika yathu ambiri ndi ochokera kunja. Thonje la ku Balaka likhoza kupita kutsidya kwa nyanja, kukavalidwa ndi munthu wina zaka ziwiri, n'kubwerera kuno m'belo ife n'kuligulanso.

Ulendo wanga womaliza ndidapeza agogo pakhonde, magalasi ali pamphuno, atalowetsa babu lakufa la magetsi m'chidendene cha sokosi yawo yakale ya thonje. Babulo limatambasula pobookapo kuti uone chochita. Sankakoka m'mbali mwa bowo n'kumanga mfundo monga timachitira ife, poti mfundoyo ndi yomwe imadzatupitsa thuza. Ankayala ulusi mizeremizere kudutsa pabowo, kenaka n'kumalowetsa wina mopingasa, pamwamba, pansi, pamwamba, pansi, ngati akuluka mkeka waung'ono. Adati nthawi yabwino yosoka ndi pomwe chidendene changoyamba kupyapyala, chisanabooke. Adatinso masokosi ambiri amaphedwa ndi eni ake: zikhadabo zosawenga zimaboola kutsogolo, ming'alu ya kuchidendene imacheka kumbuyo, ndiye mafuta odzola kuchidendene usiku amapulumutsa khungu ndi sokosi yomwe. Pakati pa zala pokha sadzolapo, achipatala adawaletsa chifukwa pamafunika pazikhala pouma.

Ndidawafunsa komwe kudapita masokosi aja ndidaphika, poganiza kuti adawataya kudzala. Adaloza kukhitchini ndi singano. Azakhali adali akuphula mphika wa nyemba pamafuwa, dzanja lililonse litavala sokosi imodzi yotuwa, yolimba gwa.

"Akuti sapsa manja," adatero agogo. "Ndiye mukadzabweranso ndi madzi anu otentha aja, muyambe mwafunsa ngati kukhitchini akufuna ena."